Ulendo wathu wa ku Kamandama kukalira malume

Tinanyamuka ku Ulongwe, m'boma la Angónia ku Mozambique, tili anthu khumi ndi awiri a banja limodzi, kupita ku Hwange m'dziko la Zimbabwe kukaona pamene anagona malume athu, amene anamwalira pa ngozi ya mgodi wa malasha wa Wankie pa 6 Juni 1972. Amene anatitsogolera ndi mayi athu aakulu, mlongo wawo wa malemuwo, omwe kwa zaka zoposa makumi asanu akhala akunena kuti maliro a mlongo wawo sanathe chifukwa palibe amene anaponyapo dothi.

Podutsa ku Moatize, pamene milu ya malasha imaonekera pamsewu pomwe, mayi anangoti chete n'kufunda chitenje kumutu. Tinawoloka Zambezi pa Tete, n'kulowa m'Zimbabwe pa chipata cha Nyamapanda, ndipo tinadzera ku Harare ndi Bulawayo.

Pa Kamandama, pamalo a mgodi pamene panachitikira ngoziyo, pomwe chaka chilichonse pamachitika mwambo wa chikumbutso, tinamva mwatsatanetsatane zimene kwathu tinkangozimva mwapatalipatali. Mpweya wa methane unaphulika pansi pa mgodi wa nambala 2 wa Wankie, fumbi la malasha nalo n'kuyaka, ndipo anthu 427 anatha, ena mwa iwo ochokera kuno ku Mozambique, ku Malawi ndi ku Zambia. Opulumutsa atalephera kulowa chifukwa cha mpweya woipa, akuluakulu a mgodi anaganiza zotseka mgodiwo, mitembo 424 ili momwemo. Ine chimandiwawa kwambiri ndi chimenechi, chifukwa kwathu munthu amaikidwa ndi abale ake, ndipo anamalira amameta kuti mtima ukhale pansi.

Mayi anagwada movutikira, mawondo akunjenjemera, n'kumasula kampango komwe anamangamo dothi lotapa pamanda a makolo awo kumudzi. Analithira pansi pang'onopang'ono, kenaka anati, “Achimwene, ndabwera. Amayi anakudikirani mpaka tsiku lawo lomaliza, ndipo munda wanu wa kudimba tikulimabe.” Palibe amene anatha kuyambitsa nyimbo imene tinakonzekera, mpaka mdzukulu wina anaiyamba ndi mawu otsika ife n'kumuyankha.

Pobwerera mayi anatapa dothi la pamalopo m'kampango komweko, ndipo akuluakulu a banja agwirizana kuti likakwiriridwe pafupi ndi manda a agogo tikatha kukolola.