Potsata Kulira kwa Nyundo ku Zanzibar

Pa chilumba cha Zanzibar palibe njovu, palibe kadyamsonga, palibenso mkango. Koma mukatsika sitima yochokera ku Dar es Salaam, ulendo wa maola pafupifupi awiri panyanja, n'kulowa mu Stone Town, mbali yakale ya mzinda wa Zanzibar, kudzera msewu wa Kenyatta ndi kanjira ka Gizenga, mupeza mashopu atadzaza ndi nyama zimenezi: zosema, zojambula, zina zodinda pamalaya. Pashopu yoyamba ndinaima n'kusirira. Pa yachiwiri ndinapeza kadyamsonga yemwe uja, khosi lake litapindikira mbali yomweyo. Pofika kumapeto kwa kanjirako ndinali nditayamba kudzifunsa kuti kodi anthu a pachilumbachi amapanga chiyani ndi manja awo.

Katundu wambiri wa m'mashopumu amawoloka nyanja monga momwe tinawolokera ife. Ziboliboli zakuda zija, za anthu okwerana pamapewa ngati nsanja, ndi luso la Amakonde a kum'mwera kwa Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique, ndipo ambiri a iwo amasemera pamsika wa Mwenge ku Dar es Salaam. Timbale ta mwala wofewa timachokera ku Kisii m'dziko la Kenya. Zithunzi za mitundu yowala, za mbalame ndi akambuku a maso aakulu, zimadziwika ndi dzina la Edward Saidi Tingatinga, amene anayamba kujambula ku Dar es Salaam mu 1968 ndi penti wa njinga pa timatabwa ta siling'i. Anangojambula zaka zinayi basi. Mu 1972 anaomberedwa ndi apolisi omwe ankayesa kuti galimoto imene anakwera inali ya mbava. Ophunzira ake ndiwo anapitiriza, ndipo lero anyamata mazanamazana amadyera luso limeneli.

Pa ziboliboli zakudazo chenjerani pang'ono. Phingo weniweni ndi wolemera kwambiri, kunja kwake n'koyera ndipo mtima wake wokha ndiwo wakuda, n'chifukwa chake osema ena amasiya dala kachigawo koyera kuti wogula aone yekha. Mtengowu umakula pang'onopang'ono, zaka makumimakumi, ndipo opanga zitoliro za oimba ku Ulaya amaulimbiranso. Choncho chiboliboli chachikulu koma chopepuka m'manja, chotsika mtengo, kawirikawiri chimakhala cha mtengo wamba wopakidwa polishi wa nsapato. Ogulitsa sindiwada ayi. Lendi ya shopu m'kanjira kameneka si yamasewera, ndipo mnyamata amene wakulondolerani kuchokera kudoko naye amadikira yake pa zomwe mwagulazo. Anthu a kumeneko amawatchula anyamatawa kuti papasi. Ndalama imene mwapereka imadutsa m'manja ambiri isanafike kwa amene anagwira tchizulo, ikafika n'komwe.

Cha eni chilumba chili pamakoma a nyumba, ndipo kuona kwake n'kwaulere: zitseko. Stone Town inalowa m'kaundula wa malo a mbiri wa UNESCO mu 2000, ndipo mbali ya ulemerero wake ndi zitseko zosema mazana angapo zimene zatsala. Kale chitseko ndicho chinkanena za mwini nyumba mlendo asanagogode. Za Aluya n'za makona anayi, pamwamba pake pamakhala mawu a m'Korani osemedwa m'Chiarabu. Za Amwenye zimakhala ndi uta pamwamba komanso zisonga za mkuwa zondandalika bwino. Zisongazo akuti ku India zinali zoletsa njovu za nkhondo kugumula zipata, koma kuno zinangobwera ngati chokometsera, makamaka m'nthawi ya Sultan Barghash, amene analamulira kuyambira 1870 mpaka 1888 ndipo anali atakhalako ku Bombay. M'mbali mwa mphuthu mumayenda unyolo wosema, nsomba, mafunde, maluwa ndi mitengo ya kanjedza, chilichonse ndi tanthauzo lake, ngakhale operekeza alendo amasiyana pofotokoza.

Chitseko chimodzi chinandiimitsa nthawi yaitali, ndipo osati chifukwa cha kukongola kokha. Ndi cha nyumba ya Tippu Tip ku Shangani, munthu amene analemera ndi minyanga ya njovu ndi malonda a akapolo, ndipo anamwalira mu 1905. Msika wa akapolo wa mumzindawu unatsekedwa mu 1873, ndipo pamalo pake ku Mkunazini pamaima tchalitchi cha Anglican. Ambiri ogulitsidwa pamenepo anachokera m'mbali mwa nyanja yathu ya Malawi, kudzera ku Kilwa. Ukaona unyolo wosemedwa mwaluso pachitseko chotere, mtima sudziwa ngati uyamikire mmisiri kapena ulavule.

Osema zitseko alipobe, koma mashopu awo alibe zikwangwani zowala. Ndinawapeza potsata kulira kwa nyundo m'tinjira ta kuseri, kumene njinga yamoto imadutsa movutikira. M'kachipinda kamdima, fundi wachikulire, monga momwe amatchulira mmisiri kumeneko, anali atakhala pansi, thabwa lili pakati pa miyendo, matchizulo ang'ono ndi aakulu ali ndandanda pambali. Munthu wamkulu ngati ameneyu sumuyamba ndi funso la mtengo. Umati shikamoo, iye n'kuyankha marahaba, kenako nkhani imayamba. Maluwa amayamba awajambula papepala, n'kuwasamutsira pathabwa ndi pensulo, ndiyeno nyundo ya mtengo imayamba ntchito, kuzamitsa pang'onopang'ono mpaka tsamba lituluke ngati lingathothoke. Anyamata ophunzira amapatsidwa ntchito yosalaza ndi sandipepa ndi yonola zida kwa nthawi yaitali asanaloledwe kukhudza duwa.

Zitseko zakale zambiri zinali za mtengo wa teak wochokera ku India. Za lero n'za mlombwa ndi mvule, matabwa obwera kuchokera kumtunda chifukwa pachilumbachi mitengo ikuluikulu ndi yochepa. Ogula chitseko chathunthu ndi mahotela, mizikiti ndi anthu ochita bwino omwe akumanga nyumba, ndipo oda imodzi imadya miyezi. Pakati pa oda ndi oda, fundi amadyera tinthu tating'ono: mafelemu a galasi, matabwa a bawo, timabokosi tokhomedwa mkuwa tokhala ndi kadirowa kobisika mkati, ndi tizitseko ta msinkhu wa buku toti mlendo alowetse m'chikwama. Tizitsekoto poyamba ndinatiyang'ana monyoza. Nditaona kuti unyolo wake akuusema ndi dzanja lomwelo, mosamala chimodzimodzi, ndinagula kamodzi kwa mwini wake osanenerera kwambiri.

Pamabenchi a simenti a kunja kwa nyumba, omwe amati baraza, mumapeza anthu akusoka kofia, chipewa cha amuna cha Chisilamu. Nsalu yoyera amaijambula maluwa, n'kumaboola timabowo tating'onoting'ono, kalikonse n'kukazunguliza ulusi ndi singano. Imodzi imatha masabata ambiri, ina miyezi. Pamsika wa Darajani pali milu ya zosokedwa ndi makina, zotsika mtengo kwambiri, koma mwamuna wa ku Zanzibar amazisiyanitsa ali patali, ndipo ya paukwati kapena pa Eid amafuna ya pamanja. Ntchito imeneyi siidalira mlendo ngakhale pang'ono.

Ku Nungwi, kunsonga ya kumpoto kwa chilumbachi, ndinapita pa daladala, galimoto yonyamula anthu ngati minibasi, mtunda wa makilomita pafupifupi 60. Anthu ambiri amapitako chifukwa cha mchenga woyera ndi mahotela omwe apanikizana m'mbali mwa gombe. Koma mukayenda pang'ono kupitirira mabedi a alendo owothera dzuwa, mufika pamalo onunkha utuchi ndi mafuta a nsomba, pomwe mafupa a zombo aima pamchenga pansi pa zisakasa za masamba a kokonati. Apa ndi pamene ndinakhalitsa.

Palibe pulani yapapepala. Fundi amayamba ndi mtanda wa pansi, msana wa chombo, ndipo utali wa mtandawo ndiwo umamuuza muyeso wa zina zonse. Mzere wowongoka amaulemba ndi chingwe choviika mu utoto, kuchikoka n'kuchisiya kuti chimenye thabwa. Kusema n'kwa kasemasema, ndipo munthu amasema thabwa limene waliponda ndi phazi lopanda nsapato, nkhwangwayo ikugwa pafupi ndi zala, iye akucheza ndi mnzake ngati palibe kanthu. Nthiti za chombo sazipinda: amakasaka nthambi zimene zinakula zokhota kale, n'kusankha yogwirizana ndi malo ake. Matabwa a m'mbali ndiwo amawapinda ndi moto atawapaka mafuta. Mabowo a misomali amaboola ndi chiboolero chozunguzidwa ndi uta wa chingwe, ngakhale ena tsopano ali ndi makina amagetsi. Pomaliza, m'mipata ya matabwa amakhomeramo thonje loviika m'mafuta a kokonati, thonjelo likanyowa limafufuma n'kutseka madzi, ndipo kunja amapaka mafuta a shaki kuti tizilombo ta m'madzi tisafumbe matabwa.

Zombo zake n'zosiyana. Ngalawa ndi bwato logoba pa thunthu limodzi, kawirikawiri la mango, lokhala ndi mapiko a matabwa mbali zonse kuti lisagubuduke. Mashua ndi yokulirapo, ya asodzi. Jahazi ndiye chimphona chonyamula katundu, cha thanga limodzi la makona atatu, mtundu umene kwa zaka mazanamazana unkabwera ndi mphepo ya kaskazi kuchokera ku Arabia ndi ku India cha mu Disembala, n'kubwerera ndi mphepo ya kusi ikayamba cha mu Epulo. Malipiro amayenda pang'onopang'ono: mwini chombo akabweretsa ndalama, matabwa amagulidwa ndipo nyundo zimalira. Akasowa, chombo chimakhala chili nthiti pamtunda mpaka adzapeze. Ndinaonapo zingapo zotere, matabwa atayamba kuchita mbuu ndi dzuwa. Maboti a fibreglass okhala ndi injini alanda ena mwa makasitomala, koma mahotela abweretsa atsopano, chifukwa mlendo amafuna kukaona kulowa kwa dzuwa ali pa chombo cha thanga. Ngakhale chombo chikatha ntchito sichitayidwa: akalipentala amagula matabwa ake, a mabowo a misomali ndi zipsera za mchere, n'kupanga matebulo okwera mtengo kuposa a matabwa atsopano.

Gombe la kum'mawa, ku Paje ndi ku Jambiani, ndi la amayi. Msewu wake umadutsa m'nkhalango ya Jozani, ndipo chapafupi, m'mudzi wa Pete, amayi amaluka mikeka, zikwama ndi zovundikira chakudya ndi timizere ta masamba a kanjedza wam'tchire tonyikidwa mu utoto. Kumeneko ndinangodutsa. Kugombe, nyanja imaphwa ndi kudzaza kawiri patsiku, ndipo ikaphwa imathawa kutali kwambiri, kusiya bwalo la mchenga wonyowa. Pabwalopo pamaoneka milu ya miyala apa ndi apo. Pansi pa mulu uliwonse pali makoko a kokonati amene mayi wina anakwirira miyezi yapitayo kuti madzi a mchere awafewetse, ndipo aliyense amadziwa mulu wake. Akafukula, amawamenya ndi chibonga pamwala mpaka zotsalira zonse zitachoka n'kutsala ulusi wofiirira, amauyanika, kenako amaupota pamwendo ndi chikhatho kukhala chingwe. Chingwechi sichiola msanga m'madzi a mchere. Amalukira mabedi, amamangira madenga ndi zombo. Cha nayiloni chachilanda msika, ndipo mukawerengera miyezi ya kudikira ndi maola a kumenya, ndalama yake ndi yomvetsa chisoni. Musanajambule amayiwa pemphani kaye. Ambiri sakondwera kuti munthu angowaloza kamera ali mkati mogwira ntchito.

Patsogolo pa miluyo pali minda ya m'madzi: zikhomo zokhomedwa mumchenga, zingwe zomangidwa pakati pake, ndi ndere za m'nyanja zikulendewera. Ulimi umenewu unayamba kuno mu 1989 ndi mbewu yochokera ku Philippines, ndipo ambiri oulima ndi amayi. Pakatha masabata ngati asanu ndi limodzi amakolola, kusenza matumba onyowa pamutu, kuyanika, n'kugulitsa kwa makampani otumiza kunja, komwe amachotsamo carrageenan, chinthu cholimbitsa mankhwala otsukira mano, ayisikilimu ndi zakudya zina. Mtengo wa kilogalamu amaika ndi ogula, ndipo ndi wotsika. N'chifukwa chake magulu ena a amayi anayamba kusinja nderezo kukhala ufa n'kupanga sopo ndi mafuta odzola, kusakaniza ndi mafuta a kokonati ndi zonunkhiritsa za pachilumba pomwepo. Katswiri wa za m'nyanja Dr Flower Msuya ndi mmodzi mwa amene analimbikitsa zimenezi kudzera mu Zanzibar Seaweed Cluster Initiative, yomwe inayamba mu 2006. Kasopo kamodzi kokulungidwa bwino kamabweretsa ndalama yoposa ya kilogalamu yathunthu ya ndere zouma. Pa zonse zimene ndinagula paulendowu, apa mpamene ndinapereka ndalama m'dzanja lomwe linabzala, kukolola ndi kuumba chinthucho.

Vuto lake nalo lili pawiri. Sopo amadalira alendo, ndipo m'nyengo ya mvula yaikulu ya masika, kuyambira Malichi mpaka Meyi, mahotela ambiri amakhala opanda anthu. Chachiwiri ndi madzi enieniwo. Mwa mitundu iwiri ya ndere imene amalima, wa cottonii ndiwo wa mtengo wabwino, koma sulimba madzi osaya akatentha: umayera, n'kuthothoka pachingwe. Amayi ambiri atsala ndi wa spinosum, wolimba koma wotchipa. Akatswiri akuwalangiza kusamutsira minda kumadzi akuya, ozizira, komwe cottonii amachita bwino. Koma kumeneko munthu sapita wapansi ndi kanga m'chiuno. Pamafunika kudziwa kusambira, zimene amayi ambiri a kuno sanaphunzitsidwe ali ana, ndipo pamafunika bwato, limene fundi sangayambe kugoba asanalandire ndalama yoyamba ya mtengo.