Kuthokoza onse amene anandithandiza kuimbira mpikisano wa basketball wa achinyamata a dziko lonse

Mpikisano wa basketball umene unasonkhanitsa matimu a anyamata ndi atsikana ochokera m'zigawo zonse zitatu za dziko lino watha bwino, ndipo ine ndinali mmodzi mwa oimbira amene anasankhidwa kuti ayendetse masewerowo. Aka kanali koyamba kuti ndiimbire mpikisano wa dziko lonse, ndipo akuluakulu anandipatsanso udindo wotsogolera anzanga awiri pa masewero a ndime yotsiriza ya atsikana. Mauthenga a mafuno abwino andifika ochuluka pa WhatsApp ndi pa Facebook, moti sindingathe kuyankha aliyense payekha. N'chifukwa chake ndalemba mawu awa, ndipo ndikufuna kuti kuthokoza kwanga kufike makamaka kwa anthu amene ochemerera sawaona, popeza wovala wenzulo ndiye amaonekera pakati pa bwalo pamene chilungamo cha masewero chimasungidwa ndi anthu ambiri okhala m'mbali.

Ndiyambe ndi inu a patebulo, chifukwa ngongole yanga yaikulu ili kwa inu. Amene sanakhalepo pampando umenewu amaganiza kuti ntchito yake ndi kulemba zigoli basi. Koma masewero a basketball, potsata malamulo a FIBA, bungwe loyendetsa masewerowa padziko lonse lapansi, ali ndi makota anayi a mphindi 10, ndipo wotchi imaima nthawi iliyonse wenzulo ikalira, kotero wosunga nthawi akachedwa ndi sekondi imodzi kuyambitsa kapena kuimitsa wotchi kumapeto kwa masewero, angathe kulanda timu chipambano chimene yachikhetsera thukuta. Wolemba amasunga mafaulo a wosewera aliyense kuti akakwana asanu atuluke, amasunganso mafaulo a timu yonse kuti faulo yachisanu m'kota imodzi ipereke mwayi woponya kawiri popanda wotchinga, ndipo amayang'anira muvi wosonyeza timu imene itenge mpira osewera awiri akaugwira pamodzi. Wina amayang'anira masekondi 24 amene timu ili nawo kuti iponye, ndipo ayenera kudziwa pomwepo ngati awabwezere pa 24 kapena pa 14, monga zimakhalira mpira ukagunda mkombero n'kubwerera m'manja mwa timu yomwe inaponyayo, lamulo limene linayamba kugwira ntchito mu 2014. Pabwalo lina lapanja panalibe wotchi yamagetsi ya masekondiwa, ndipo mtsikana wina, amene nayenso akadali pasukulu, anawerenga mokweza mawu masekondi otsiriza a ulendo uliwonse kufikira mawu ake anasasa. Sindinamvepo mphunzitsi wa timu aliyense akutsutsa kawerengedwe kake. Kwa iye ndi kwa anzake onse, zikomo kwambiri.

Ndikuthokoza bungwe la Basketball Association of Malawi pamodzi ndi maligi a m'zigawo, SOZOBAL, CEZOBAL ndi NOZOBAL, chifukwa oimbira tonse tinakulira m'masewero a kumapeto kwa sabata amene maligiwa amakonza, ndipo popanda masewero amenewo palibe akanadziwa kuti ena a ife tilipo.

Mwapadera ndikuthokoza bambo amene anandiphunzitsa kuimbira. Sinditchula dzina lawo, chifukwa ndikudziwa kuti sakonda zimenezo. Iwo anandipeza ndikudziwa buku la malamulo pamtima, koma anandiuza kuti kudziwa lamulo n'kosavuta poyerekeza ndi kuima pamalo oyenera kuti uone chimene chachitika. Kwathu kuno ambiri tinazolowera kuimbira awiriawiri, wina patsogolo pansi pa mkombero, wina kumbuyo kwa osewera. Pa mpikisano uno masewero akuluakulu tinaimbira atatu, ndipo kaimbiridwe kameneka kali ndi mwambo wake: aliyense ali ndi dera lake, wapakati amayang'ana mbali imene kulibe mpira, ndipo wapatsogolo akasamukira mbali ina, anzake awiri ayenera kusuntha naye popanda kuuzana. Chovuta kwambiri ndi kuletsa maso kuti asatsatire mpira, chifukwa mafaulo oipa, monga kukoka yunifomu ndi kugunda ndi chigongono, amachitika kumene anthu onse sakuyang'anako. Bambowa ankandiimitsa pakati pa masewero oyeserera n'kundifunsa kuti wosewera wotchinga anali ataponda pansi ndi mapazi onse awiri, atayang'anizana ndi mnzake, asanagundane kapena ayi. Funso limeneli ndilo limasiyanitsa faulo ya wotchinga ndi faulo ya wobwera ndi mpira, ndipo palibe chigamulo china chimene chimautsa mkwiyo m'bwalo kuposa chimenechi. Bambo, nthawi iliyonse imene ana anagundana pansi pa mkombero, ndinamva mawu anu m'makutu mwanga ndisanaimbe.

Kwa oimbira anzanga, makamaka awiri amene tinali limodzi pa ndime yotsiriza, ndikuthokoza chifukwa cha kukhulupirirana. Tisanalowe m'bwalo tinakhala pansi n'kugwirizana za mlingo wa kukhudzana kumene tilole ndi kumene tisalole, kuti ana asaone ngati mbali imodzi ya bwalo ili ndi malamulo ena. Mmodzi mwa iwo ndi mayi amene waimbira zaka zambiri kuposa ine, ndipo akanatha kudandaula kuti udindo wotsogolera wapatsidwa kwa wamng'ono, koma anandilimbikitsa ngati mchemwali wanga weniweni.

Tsopano ndilankhule ndi inu aphunzitsi a matimu, ndipo pano ndichedwapo pang'ono, chifukwa ena mwa inu simunakondwere nafe tsiku loyamba. Munandiuza kuti awa ndi ana, tiziwamvera chisoni, tisamaimbe kuyenda ndi mpira kulikonse kapena kukhalitsa pansi pa mkombero kupyola masekondi atatu. Ndinakumvani, ndipo ndikudziwa kuti munalankhula chifukwa chowakonda. Komabe maganizo anga ndi akuti chifundo choterocho chimapweteka mwana yemweyo. Mnyamata amene wazolowera kukweza phazi lozungulirapo asanayambe kudunda mpira adzachita chimodzimodzi tsiku limene adzavale yunifomu ya dziko, ndipo woimbira wa ku Zambia kapena wa ku Mozambique sadzafunsa kuti anakulira pabwalo lotani. Pamene dziko lino linalandira masewero a achinyamata a Region 5, amene ndi a mayiko a kummwera kwa Africa, ku Lilongwe mu Disembala 2022, tonse tinaona ndi maso athu kuti pa mlingo umenewo malamulo sasinthidwa chifukwa cha msinkhu wa wosewera. Akuluakulu anati kuongola mtengo mpoyamba, ndipo pabwalo wenzulo ndiyo imaongola. Chimene ndimavomereza ndi chakuti woimbira ana ayenera kufotokoza: mpira ukaima, mawu awiri okha ouza mwana chimene walakwa amathandiza kuposa nkhope yaukali. Ndiponso ife oimbira tiyenera kudziwa lamulo monga lilili lero. Kuyambira mu Okutobala 2017, wosewera amene walandira mpira akuthamanga, phazi limene lili pansi pamene akuugwira siliwerengedwa, ndipo amaloledwa kupondanso kawiri asanaponye kapena kupatsira. Ochemerera ambiri akadali ndi lamulo lakale m'mutu, n'chifukwa chake amakuwa pamene mwana sanalakwe kanthu.

Ndikukuthokozani chifukwa pofika tsiku lotsiriza ambiri a inu munali mutayamba kudzudzula osewera anu eni m'malo modzudzula ife. Ndikuthokoza makamaka mphunzitsi wina wa timu ya atsikana ya kumpoto, amene wosewera wake wodalirika anatuluka ndi faulo yachisanu masewero ali pafupi kutha. Iye sanaponye botolo pansi kapena kulowa m'bwalo. Anamukhazika mwanayo pabenchi, nalowetsa wina, ndipo masewero atatha anabwera kudzandifunsa mwaulemu chimene ndinaona. Malamulo amatipatsa mphamvu yopereka faulo ya tekiniko kwa mphunzitsi wachipongwe, ndipo akalandira ziwiri chifukwa cha khalidwe lake iye mwini amachotsedwa pabwalo, koma ndine wokondwa kuti pa masewero amene ndinaimbira sipanafike pamenepo. Ana amaonera akuluakulu awo, ndipo timu imene mphunzitsi wake amatukwana oimbira sichedwa kukhala ndi osewera otukwana.

Kwa inu osewera, ana anga, zikomo chifukwa cha ulemu wanu. Munavula ndolo ndi zibangili popanda kukangana, munawenga zikhadabo pamene tinakupemphani, ndipo makaputeni anu anadikira kuti mpira uime asanatifunse funso, monga lamulo limanenera. Ena a inu munaphunzira masewerowa pabwalo la simenti long'ambika limene mzere wake wa mapointi atatu ukadali pa mamita 6.25, ngakhale kuti FIBA inausunthira pa mamita 6.75 kale mu 2010, koma simunadandaule kuti mkombero watalikira. Ndinaona anyamata akudzutsana pansi atagundana, ndipo ndinaona atsikana amene anagonja akufola kukagwirana chanza ndi anzawo misozi ili m'maso.

Ndithokozenso komiti imene inkaona zikalata za zaka za osewera. Iyi si ntchito ya oimbira, koma ikapanda kugwiridwa bwino, mavuto ake amagwera ife, chifukwa mnyamata wa zaka 20 akalowa pakati pa ana a zaka 15, kukhudzana kulikonse kumasanduka ngozi. Chiphaso cha unzika chimaperekedwa munthu akakwanitsa zaka 16, choncho kwa ocheperapo komitiyi inadalira zikalata za kubadwa ndi makalata a kusukulu, ndipo inalimba mtima pamene panafunika kukana. Aphunzitsi a m'sukulu amene munaperekeza ana ulendo wautali, makolo amene munasonkha ndalama za mayendedwe, a chithandizo choyamba amene munathamanga mwana akangotuluka magazi kuti amangidwe bala asanabwerere m'bwalo, amayi amene munatiphikira, ndi anyamata amene munasesa ndi kupukuta bwalo m'mamawa, nonsenu landirani kuthokoza kwanga.

Pali china chimene ambiri simudziwa. Chaka chatha ndinavulala bondo, ndipo panali nthawi imene ndinkakwera masitepe movutikira. Woimbira amayesedwa mphamvu pothamanga mobwerezabwereza mtunda wa mamita 20 motsatira belu limene limafulumira pang'onopang'ono, ndipo amene walephera mayeso amenewa sasankhidwa, ngakhale atadziwa malamulo chotani. Ndikuthokoza dokotala wa mafizo amene anandithandiza modekha, mnzanga amene ankadzuka nane m'bandakucha kukathamanga, ndi abwana anga kuntchito amene anandipatsa tchuthi popanda kundifunsa kuti masewero a ana andipindulira chiyani. Mayi a kunyumba anasenza okha za pakhomo masiku onse a mpikisano, ndipo iwo ndi amene anandiletsa kusiya pamene bondo linkawawa.

Ndili ndi mapempho awiri. Kwa makampani ndi anthu akufuna kwabwino amene mumathandiza masewerowa, pamene mukugula zikho ndi mayunifomu, kumbukiraninso mawotchi a masekondi 24, mapepala olembapo zigoli ndi utoto wojambulira mizere ya mabwalo a m'sukulu, chifukwa zimenezi zimatumikira timu iliyonse imene idzasewere pabwalopo. Kwa achinyamata amene mukusiya kusewera chifukwa cha msinkhu kapena kuvulala, makamaka atsikana, oimbira ndi a patebulo tikuchepa, ndipo pa mpikisano uno ena anagwira ntchito kuyambira m'mawa mpaka madzulo popanda wowalandira. Funsani akuluakulu a ligi ya m'chigawo chanu za maphunziro otsatira, ndipo amene muli pafupi nane mundipeze pabwalo Loweruka lililonse kuti tiyambe ndi pepala la zigoli ndi zizindikiro za manja.