Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Athawa ndani, mbuzi kapena alimi?

Zikomo nonse amene munalemba pansi pa gawo lapita lija. Funso lanu ndi limodzi: kodi ntchito imene ndinayamba nditasiya kugulitsa m'sitolo ya amalume ku Highfield ndi yotani kwenikweni? Amalumewo mpaka lero amauza anthu kutchalitchi kuti ndimakonza makompyuta. Sindikonza ayi. Ndimaphunzitsa kompyuta kuzindikira kuti m'chiganizo liwu ili likugwirizana ndi liti, makamaka mawuwo akatalikirana. Zaka za kukoleji ndizidumpha, munalibe china koma mayeso ndi ngongole.

Taonani chiganizo ichi: "Mbuzi zimene anyamata a ku Mbare anagula dzulo kwa alimi zathawa." Mwana wa Sitandade 3 akudziwa kuti zathawa ndi mbuzi. Komatu pakati pa "mbuzi" ndi "zathawa" pali mawu 9, ndipo m'katimo muli anyamata ndi alimi, onse otha kuthawa. Mapulogalamu akale otchedwa n-gram ankangoyang'ana mawu awiri kapena atatu am'mbuyo. Akaona "kwa alimi", ankalemba "athawa", basi alimi aja asanduka akuba.

Kenako kunabwera makina owerenga liwu limodzilimodzi, akusunga mndandanda wa manambala umene umasintha pa liwu lililonse. Vuto linali powaphunzitsa. Makina akalakwa pa "zathawa", uthenga wowawongolera umabwerera m'mbuyo mpaka pa "mbuzi", ndipo pa sitepe iliyonse umachulukitsidwa ndi kanambala. Kanambalako kakakhala 0.5, masitepe 10 okha uthenga uja sufikanso 0.001. Sepp Hochreiter ndi Jürgen Schmidhuber anachepetsa vutoli mu 1997 ndi njira ya LSTM. Mu 2017 akatswiri a ku Google anatulutsa Transformer, imene liwu lililonse limayerekezedwa ndi mawu ena onse nthawi imodzi, motero "zathawa" amaona "mbuzi" mwachindunji. Mtengo wake ndi uwu: mawu 11 ndi kuyerekeza ka 121, mawu 100 ndi ka 10,000. N'chifukwa chake BERT, pulogalamu ya mu 2018 yomangidwa pa Transformer, inkalandira tizidutswa ta mawu 512 basi.

Pa desiki panga ntchito imayenda chonchi. Liwu lililonse limakhala ndi mzere wake wa zigawo 10, ndipo m'chigawo cha 7 ndimalemba nambala ya liwu limene likulilamulira. "Mbuzi" ndi 1, ndimalembapo 11, nambala ya liwu lomaliza, ndi kuonetsa kuti ndiye mwininkhani wa "zathawa". Kompyuta ikaphunzira pa ziganizo zoterezi, imayesa yokha. Njira ina imatenga mawu kuchokera kumanzere n'kumawasanjikiza ngati mbale, ikuchotsa liwu likapeza mwini wake. "Mbuzi" ayenera kudikira pansi pa mulu mpaka kumapeto. Kompyuta ikapupuluma n'kuwapachika pa "anagula", achoka pamulu, ndipo kulibe kubwerera. Njira yachiwiri imapereka malikisi kwa mgwirizano uliwonse wotheka, n'kusankha kalumikizidwe kamene malikisi ake onse aposa. Masamu ake ndi a Chu ndi Liu a mu 1965 ndi a Edmonds a mu 1967. Ine ndimakonda yachiwiriyi, chifukwa ife timanena kuti "Mbuzi anyamata azigula zonenepa", mfotokozi ali kutali ndi dzina lake, mneni ali pakati. Njira ya mbale ija, ikapanda kusinthidwa, pamenepa imagwa.

Chinandilowetsa m'zimenezi ena mukuchidziwa kale, koma sindinachifotokoze bwino.

Uthenga unachokera kumudzi usiku, kupita pa foni ya msuweni wanga wa ku Dzivaresekwa, uja ndinati anakulira m'Chishona ndipo Chichewa amangomva cha moni. Unati: "Mwana wa achemwali amene tinkakhala nawo ku Mufakose wamwalira." Iye anauika m'pulogalamu yomasulira, ndipo inamuuza kuti amwalira ndi achemwaliwo. Analiza foni kwa aliyense. Amayi anagwa pansi pakhomo la kukhitchini, chitenje chili m'manja, akuitana dzina la m'bale wawo. Anthu oyandikana nafe anabwera, ena atayamba kale kutulutsa mipando panja. Kutacha foni inalira, ndipo anali azakhali omwewo amene tinkati amwalira, mawu atasasa, akufunsa chifukwa chake palibe amene wawapepesa za mwana wawo. Amayi analira kachiwiri, maliro ena, ndipo manyazi ali pomwepo. Msuweni wanga sindinamuimbepo mlandu, ndipo inu a pabanja amene mumamunenabe, zilekeni.

Yankho linali m'chiganizo momwemo. "Wa" wa mu "wamwalira" akuloza mwana. Akanakhala achemwali tikanamva "amwalira". "Nawo" akuloza achemwali. Akanakhala mwana tikanamva "naye". Chichewa chimaika chizindikiro pa mneni, pa mfotokozi, paliponse, ndipo Joan Bresnan ndi Sam Mchombo anasonyeza mu 1987 kuti kachizindikiro ka pamtherankhani kakakhala m'mneni, mayina amatha kusinthana malo tanthauzo osasokonekera. Ndiye bwanji makina amaphonya?

Chachikulu ndi kadulidwe. Makina asanawerenge, amadula mawu m'tizidutswa potengera zilembo zimene zimaonekera limodzi kawirikawiri m'zolemba zimene anaphunzirapo, ndipo zambiri mwa izo ndi za Chingerezi. "Sitinazigule" ayenera kudulidwa si-ti-na-zi-gul-e. Akadulidwa "sit-in-az-igule", "zi" uja wasweka pakati, ndipo ulusi wopita ku mbuzi waduka. China ndi chakuti zizindikiro zathu zimafanana. "Zi" ndi wa gulu la Chi-Zi komanso la I-Zi, choncho zipatso ndi mbuzi zikakumana m'chiganizo chimodzi, chizindikiro sichithandiza. "A" ndi wa anthu ambiri komanso wa ulemu: "agogo abwera" akhoza kukhala munthu mmodzi. Liwu loti "mbuzi" palokha silinena ngati ndi imodzi kapena zambiri mpaka umve "imene" kapena "zimene". Apa mankhwala ake ndi ziganizo zambiri zolembedwa ndi manja, ndipo poyesa makina tiziika dala dzina losokoneza pafupi ndi mneni, monga alimi aja.

Achimwene amene munalemba kuti Chichewa cha ku Harare n'chosakaniza, sichoyenera kuphunzitsira makina, ndakumvani. Malamulo a dziko la Zimbabwe a mu 2013 amatchula Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Agogo athu anabwera nacho kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mapulazi, ndipo munthu akati "makombi adzaza", "a" uja wagwirizana ndi gulu la Li-Ma bwinobwino. Makina akapanda kuona ziganizo zotere, adzalephera pa mauthenga enieni amene anthu kuno amatumizirana.

Amene mukufuna kuthandiza, nditumizireni ziganizo zazitali, za mawu 12 kapena kuposa, zokhala ndi "amene", "chimene" kapena "zimene" pakati, mutachotsamo mayina a anthu. Gawo likudzali ndi la ulendo wa ku Nyamapanda, ndi mmene amalume anakwiyira atamva kuti sitolo ndaisiyiratu.