Anthu anayi a ku Louth ndi fakitale ya Sellafield

Abale, nkhani ya ku Ireland iyi yandikhala pamtima. Mu 1994 anthu anayi a m'chigawo cha Louth anasumira kampani ya BNFL, ya ku Britain yoona za nyukiliya, chifukwa cha fakitale yake ya THORP ku Sellafield, yomwe inkachotsa yuraniyamu ndi pulutoniyamu m'zotsalira za nyukiliya. Fakitaleyo ili ku England, tsidya lina la nyanja, koma anthuwo ankaopa kuti poizoni wake awafika, poti madzi sadziwa malire.

Chondidabwitsa n'chakuti boma la Ireland linaikapo ndalama zothandiza anthuwo pa mlanduwo, chonsecho nalonso linali m'gulu la osumiridwa! Ine ndikuti linachita bwino. Maloya ndi akatswiri a sayansi salipidwa ndi zikomo, nanga munthu wamba angazipeze kuti ndalama zolimbanira ndi chikampani chotere? THORP inasiya ntchito yochotsa yuraniyamu ndi pulutoniyamu ija mu 2018.