Msewu Wanjala unatigawanitsa pabanja

Bukuli ndinaligula kwa anyamata oyala mabuku pansi ku Limbe, Loweruka lina ndikusaka dikishonale ya mwana wa achimwene. Dikishonale sindinaipeze. Ndinabwerako ndi chibuku chonenepa, chikuto chong'ambika pakona, masamba achikasu ngati mano a munthu wosuta chingambwe. Dzina lake The Famished Road, tingati Msewu Wanjala, lolembedwa ndi Ben Okri wa ku Nigeria. Linatuluka mu 1991 ndipo chaka chomwecho linapata mphoto ya Booker, mphoto yotchuka ya mabuku a nkhani zopeka a m'Chingerezi, mwini wake ali ndi zaka 32. Wogulitsayo analibe nazo ntchito zimenezo. Anangolipepesa m'manja n'kutchula mtengo potengera kulemera kwake, ngati nyama.

Nkhani yake ndi ya mwana wotchedwa Azaro, yemwe ndi abiku. Awa ndi mawu a Chiyoruba onena za mwana amene amabadwa, kumwalira, n'kudzabadwanso kwa mayi yemweyo kangapo konse, chifukwa anapangana ndi anzake akumizimu kuti kuno asamakhalitseko. Aigbo amati ogbanje. Azaro pangano lija analiswa. Anaona nkhope yozunzika ya mkazi amene ati am'bereke, n'kuganiza zokhala kuti nkhopeyo idzasekeko. Dzinalo ndi chidule cha Lazaro, poti anadwala mpaka anthu kumuyesa wafa, n'kudzatsitsimuka ali kale m'bokosi. Kuyambira apo anzake aja samusiya. Akapita kumsika awaona. Akalowa m'bala ya Madame Koto, komwe kumagulitsidwa uchema ndi msuzi wa tsabola, awapeza atakhala pamabenchi ngati makasitomala, atabwereka ziwalo za anthu n'kuzivala mosalongosoka. Bambo ake amasenza matumba a simenti ndi mchere, kenaka amasanduka wankhonya wodzitcha Black Tyger. Mayi ake amayenda ndi katundu pamutu kugulitsa tizinthu. Onse m'chipinda chimodzi cha lendi, makoswe usiku, landilodi m'mawa, Nigeria ikuyandikira ufulu wake wa 1960.

Ine linanditengera masabata atatu, nthawi zambiri ndi tochi ya foni magetsi atathima. Ndinalikonda, ndipo kulikondako ndi kumene kunandichititsa kuti ndizilikankhira kwa anthu.

Woyamba sindinamukankhire, analitola yekha. Mayi akunyumba ndi a Mvano, ndipo amawerenga kuposa ine. Tsiku lina ndikuchokera kuntchito ndinapeza buku lili pakhonde, pamwamba atapsinjapo mwala.

"Abambo, ili kuchipinda lisalowenso."

Ndinaseka, iwo osaseka. Anali atawerenga masamba pafupifupi 40. Ndinayamba kuwafotokozera kuti ndi nkhani yopeka, koma anandidula. Vuto lawo silinali lakuti ndi bodza. Vuto linali lakuti likumveka ngati zoona. "Muli ndi mwana wa zaka ziwiri wagona apa, inu n'kumawerenga pakati pa usiku za ana oitanidwa ndi mizimu? Zinthu zina simuziitanira m'nyumba." Tinagwirizana kuti lizikhala pabalaza, pamwamba pa kabati.

Wachiwiri ndi mnzanga wa kalekale, mphunzitsi wa Chingerezi kusekondale. Ameneyu ndinkayembekeza kuti tivinira limodzi. Anabweza patatha mwezi, tikiti ya minibasi itatsekera penapake chapakati.

"Amwene, munthuyu kulemba amatha, sindikukana. Chiganizo chilichonse n'chodzola mafuta. Koma galimoto yake ilibe giya yopita kutsogolo."

Dandaulo lake linali lomveka. Azaro asowa, apezeka, akwapulidwa. Apita kwa Madame Koto, kubuka ndewu, mizimu ifika, athawira m'nkhalango, asowanso. Bambo amenyedwa, agona masiku, adzuka, akamenyanso wina. Anati anayamba kuwerenga ndi zala kuti mwanayo wasowa kangati, zala zinamuthera. Chimene iye anachikonda ndi cha ndale. M'bukumo muli zipani ziwiri, cha Olemera ndi cha Osauka. Cha Olemera chimabwera ndi galimoto yokhala ndi chimkuzamawu kudzagawa mkaka waufa, anthu n'kukanganirana, usiku wake dera lonse kusanza. Galimotoyo itabweranso anthu anaiyatsa moto, ndipo wojambula zithunzi wa m'deralo, amene zithunzi zake zinatuluka m'nyuzipepala, anayamba kusakidwa ngati mbewa. "Apa ndiye pali buku," anatero mnzangayo akumenya tebulo. "Ife mpaka tinachita kuika m'malamulo a zipani a 2018 kuti zogawagawa pa kampeni zithe. Munthuyu akanachotsa mizimu ya mitu itatuyo n'kusiya mkakawo, bwenzi ndikuphunzitsa ana a Fomu 4."

Apa tinakangana mpaka tiyi kuzizira. Ine ndinati kubwerezako ndi mmene nthano zimayendera. Mwana wamasiye akamafunafuna mlongo wake, amaimba nyimbo yomweyo pamudzi uliwonse, ndipo palibe amene amati agogo mwaimba kale imeneyo. Timangovomera. Ndinatinso umphawi wokha ndi wobwereza: lendi ya mwezi uno ndi yomwe ija ya mwezi watha, ngongole ndi yomwe ija, ndipo buku lonena za chipinda chimodzi cha lendi silingathamange ngati filimu ya nkhondo. Iye anandiyang'ana n'kuti, "Nthano ya agogo imatha mbatata isanapserere. Iyi ndi masamba 500, komanso palibe wovomera. Uli wekha ndi tochi."

Pamenepo anandipeza. Ndivomere kuti chapakati pa bukuli pali masamba amene inenso ndinkawadumpha ndi maso, makamaka maphwando a kwa Madame Koto atayamba kufanana. Nyimbo yobwereza imakoma pamene pali pakamwa khumi poiyankha. Papepala imatha kulemera.

Mkangano wathuwu si wachilendo kwa eni ake. Mu 1952 kampani ya Faber and Faber ku London inasindikiza The Palm-Wine Drinkard, buku la Amos Tutuola, munthu wa sukulu yochepa amene analemba za chidakwa chopita kumudzi wa akufa kukasaka womugwetsera uchema. Mlakatuli Dylan Thomas analiyamikira m'nyuzipepala ya The Observer, azungu n'kulilandira ndi manja awiri. Ophunzira ambiri a ku Nigeria anachita nalo manyazi. Ankati Chingerezi chake n'chothyoka, chichititsa azungu kuganiza kuti Aafrika onse amalankhula choncho, komanso kuti nthanozo anangotola kwa D. O. Fagunwa amene anali atazilemba kale m'Chiyoruba mu 1938. Alendo kuwomba m'manja, eni nthano kuyang'ana kumbali. Za Okri zinasiyanako poti Chingerezi chake palibe angachitole chifukwa, koma akunja anathamangira kuliika m'thumba limodzi ndi mabuku a Gabriel García Márquez wa ku Colombia, thumba la nkhani zosakaniza zamatsenga ndi moyo wa tsiku ndi tsiku lomwe amalitcha magical realism, dzina limene Okri mwini sakondwera nalo. Masiku ano ena amaliika pa shelefu ya fantasy, pamodzi ndi nkhani za zinjoka zouluka. Ndinkaona ngati ndi nkhani ya mayina chabe, mpaka bukuli litafika kwa achemwali anga.

Achemwali ndi namwino, zaka zambiri akhala ku wodi ya ana. Iwo analimaliza lonse, pa mashifiti a usiku. Atabweza sanakhale n'komwe pansi.

"Abiku wakoyo ndimamudziwa. Ndi sickle cell. Ndi malungo. Ndi kutsegula m'mimba."

Anandifotokozera ngati ndine wophunzira wawo. Matenda a sickle cell mwana amatengera kwa makolo onse awiri. Bambo ndi mayi akakhala kuti onse ali ndi kachizindikiro kake m'magazi, ngakhale iwo eni asakudwala, mimba iliyonse ili ndi mwayi umodzi mwa inayi wobereka mwana wodwala. Ndiye mayi mmodzi amatha kuika ana awiri, atatu, onse odwala mofanana, otupa manja ndi mapazi, osowa magazi, ofanananso nkhope poti ndi a bambo mmodzi. Anthu akanapanda kuganiza bwanji kuti ndi mwana yemwe uja akubwerera? Ndipo Nigeria ndi dziko limene kumabadwa ana ambiri a matendawa kuposa lina lililonse. Mkwiyo wawo unali wakuti bukuli limakongoletsa chinthu chimene iwo amachiona chili maliseche. Mwana amafika kuchipatala mochedwa, thupi lonse mphini, chithumwa m'chiuno, magazi atatha. "Kumeneko kulibe minda ya maluwa ya mizimu, achimwene. Kuli mayi wokhala pansi pasimenti."

Ndinafunsa kuti nanga bwanji sanalisiye panjira ngati aphunzitsi aja. Anati chifukwa cha mayi ake a Azaro. Mzimayi amene amabwera madzulo mapazi ali mbuu, sanagulitse kanthu, n'kupeza mwana wasowanso, mwamuna wathera ndalama kwina. "Ameneyo ndiye analembedwa ndi munthu woona. Ndalira naye. Koma ndikadali wokwiya."

Mu June ndinapita kumudzi ku Ntcheu kukathandiza kutong'ola chimanga, buku lili m'chikwama popanda cholinga. Amayi Chingerezi sawerenga. Madzulo titazungulira moto, zitsononkho zikuthetheka, adzukulu awo anayamba kundivuta kuti amalume a kutauni anene nthano. Mwanthabwala ndinati, "Padangotero." Onse: "Tili tonse!" Ndinawauza ya Mfumu ya Msewu, imene bambo ake a Azaro amamusimbira mwana wawo m'bukumo: chimphona chosakhuta chimene chinkadya apaulendo osasiya nsembe, mpaka njala inachipangitsa kudzidya chokha, kutsala mimba yokha, mvula n'kuisungunulira mumsewu. Ndiye chifukwa chake msewu mpaka lero umadya anthu. Ana anakuwa ndi chisangalalo, wina n'kufunsa ngati ndi M1. M'Chichewa, pamoto, ndi anthu ovomera, nkhaniyo inayenda ngati yabadwira pomwepo. Ndinalakalaka aphunzitsi aja akanakhalapo.

Kenaka ndinalowa ya Azaro. Ndili mkati ndinazindikira kuti mawu amodzi asiya kuvomera. Amayi anali atagwira chimanga m'manja osatong'ola. Ana atapita kukagona anandifunsa motsitsa mawu.

"Imeneyi wakuuza ndani?"

Ndinati ili m'buku la munthu wa ku Nigeria. Anakhala chete kanthawi.

Ndinkadziwa kuti ndisanabadwe ine panapita ana awiri. Ndinkazidziwa ngati mmene munthu umadziwira chaka chimene unabadwa, osaziganizira. Usiku umenewo ndi pamene anandiuza zonse. Woyamba anakhala miyezi isanu. Wachiwiri anabadwa ndi khutu lopindika pamwamba ngati la woyamba, ndipo agogo atangomuona anati, "Ndi yemwe uja, wabweranso." Sanathe chaka. Nditabadwa ine, agogo anakana kuti ndipatsidwe dzina labwino. Anati azinditcha Manda, kuti imfa ikamadutsa iziganiza kuti pano inatenga kale. Dzina limene ndimalemba pa ziphaso ndinalipeza pa ubatizo. La Manda ndimalikumbukira patalipatali, ndinkaliyesa lonyozera chabe la agogo.

Ndinawauza kuti Ayoruba nawonso ali ndi mayina a ana otere, koma awo ndi ochonderera: Malomo, kutanthauza usapitenso, Durojaiye, khala udyerere dziko. Amayi anagwedeza mutu. "Ife tinkaopa kuchonderera. Ukaonetsa kuti ukumufuna, ndiye amapita."

Za mizimu ya mitu itatu, za msewu womangidwa zaka 2,000 osatha, za Madame Koto kunenepa ndi kugula galimoto, zonsezo analibe nazo chidwi. Sanazitsutse ngati aphunzitsi, sanaziope ngati apongozi awo, anangozidutsa ngati mmene umadutsira anthu osawadziwa pamsika. Mafunso awo anali ena. Mayiyo ankagulitsa chiyani? Lendi anaipeza? Mwanayo akasowa, ankapita kukamufuna ndani, bambo kapena mayi? Ndinkayankha zimene ndikukumbukira, zina n'kutsegula buku kuyang'ana ndi tochi. Nditawauza za mawu a achemwali, a sickle cell ndi malungo, sanakane. Anati mwina ndi zomwezo, chipatala chinali kutali ndipo mlatho unali utakokoloka. Kenaka anawonjezera kuti khutu lija analiona ndi maso awo.

Moto utatsala makala anafunsa funso limene ndikuganiza kuti analisunga kuyambira pachiyambi.

"Nanga amakhala?"

Ndinati mpaka tsamba lomaliza ali moyo. Mnzake Ade, yemwenso ndi abiku, ndi amene akuoneka kuti mtima uli kale kwina. Ndinawauzanso kuti nkhaniyi ili ndi mabuku ena awiri otsatira, Songs of Enchantment la 1993 ndi Infinite Riches la 1998, koma ndilibe.

"Ukawafune. Ndimve ngati amakula."

Ndapitako kawiri kwa anyamata a ku Limbe aja. Akuti ndiyesenso mwezi wamawa, pakadali pano ali ndi dikishonale. Buku lija lili pamwamba pa kabati, koma dzana ndinapeza kapepala ka nyimbo za kwaya katatsekera pa tsamba 112. Mayi akunyumba akuti amawerenga masana okha, panja, mwana ali kwa aneba.