Tsiku limodzi ndi theka ku Edinburgh ndi ana a eni

Ndakhala ndikuzengereza kulemba za ulendo uja chifukwa aliyense wondifunsa pa Dedza pano amafuna yankho lalifupi. "Madamu, ku Ulaya kunali bwanji?" Ndikati kunali kozizira, amaseka, amvekere: "Munthu wa pa Dedza n'kumadandaula kuzizira?" Nkhani n'kuthera pomwepo. Lero ndakhala pansi, mbaula ili kumapazi, ndiye ndifotokoze mwachifatse.

Kasekondale kathu koyendera kali paubale ndi sukulu ina ya ku Scotland. Maubale oterewa ndi ambiri m'Malawi muno, makamaka chichokereni 2005 pomwe maboma a Malawi ndi Scotland adasainirana pangano la mgwirizano. Anzathuwo adasonkha ndalama kwa nthawi yaitali, kugulitsa makeke, kuchita mipikisano yothamanga, mpaka zidakwana zoti ana athu asanu ndi mmodzi a Fomu 3 akawachezere m'mwezi wa June. Atsikana atatu, anyamata atatu, ine, ndi mphunzitsi mnzanga wa masamu. Maina sinditchula, ndi ana a eni. Za mapasipoti ndi ma visa ndisayambe n'komwe, mutu ungandiyambenso. Masiku ambiri tidakhala kusukulu kwawoko, koma kumapeto adatipatsa tsiku limodzi ndi theka loti tione Edinburgh, likulu la dzikolo, tisanakwere ndege yobwerera.

Ine ndimaphunzitsa mbiri yakale, ndipo ulendowo ndidaukonza ngati sikimu. Nthawi yakuti tili apa, nthawi yakuti tili apo. Pamwamba penipeni pa pepala ndidalembapo David Livingstone ndi kudula mzere kawiri kunsi kwake.

Anawo sikimu yangayo adayamba kuiphwanya tisanatsike n'komwe m'basi. Inali basi yosanja, ndipo onse adathamangira pamwamba, mpando wakutsogolo, mphuno pagalasi. Chidawazunguza mutu si nyumba zamiyala ayi, koma kuti m'basimo mulibe kondakitala, pasiteji palibe woitanira, ndipo ukalipira ndi ndalama zachitsulo dalaivala sabweza chenje. Mnyamata wina wamtali, yemwe mkulu wake amaitanira maminibasi pa Dedza, adakhala chete kanthawi kenako adati: "Madamu, ndiye achimwene anga kuno akadamadya chiyani?" Ndidalibe choyankha. Funso loyamba la tsikulo, mphunzitsi walephera kale.

Livingstone tidavutika kumupeza. Ali m'munda wamaluwa wa Princes Street Gardens, koma waima pafupi ndi chinsanja chakuda bii chokumbukira mlembi Walter Scott, chotalika mamita 61, cha masitepe 287 m'kati mwake. Pambali pa chinthu chotere munthu amaoneka ngati kamwana kogwira chitenje cha mayi wake. Tidamudutsa kamodzi osamuona. Titabwerera, ndi uyo: Baibulo m'manja, chikopa cha mkango kumbuyo kwake pokumbukira mkango udamuluma mkono uja, ndipo pamutu pake patatera chimbalame choyera cha kunyanja chomwe chidali chitamusiyira kale chizindikiro paphewa.

Ndidaimika ana mozungulira n'kuyamba phunziro. Adabadwa 1813 ku Blantyre wa ku Scotland, kufupi ndi Glasgow. Adayamba ntchito m'fakitale ya thonje ali ndi zaka khumi. Adaona nyanja yathu 1859. Adamwalira 1873 kwa Chitambo, komwe lero ndi Zambia. Chibolibolicho adachiumba ndi mayi, Amelia Hill, ndipo chidaimikidwa 1876, chaka chomwenso mishoni ya Blantyre wathuyu idayamba. Ana ankangogwedeza mitu, poti zambiri mwa izi amaziloweza kale pokonzekera mayeso.

Kenako mtsikana wina wa cha ku Bembeke, wosayankhulayankhula m'kalasi, adazungulira chibolibolicho n'kubwera kudzandinong'oneza: "Madamu, nanga a Chuma ndi a Susi ali kuti?"

Ndidawaphunzitsa ndine zimenezo. Kuti Livingstone atamwalira, mtima wake adaukwirira pansi pa mtengo komweko, koma thupi adaliumitsa, ndipo James Chuma, Abdullah Susi ndi anzawo adalinyamula miyezi yambirimbiri, wapansi, mpaka kugombe ku Bagamoyo. Pakadapanda iwowo sakadaikidwa ku Westminster Abbey, tchalitchi chachikulu cha ku London, mu 1874. Chuma adali Myao, adaomboledwa m'manja mwa ogula akapolo ali kamnyamata. Pachiboliboli paja Livingstone waima yekhayekha. Ndidangoti, "Palibe, mwanawe." Iye adati "Oho," n'kulemba kanthu m'kope mwake. Mpaka lero sanandionetse chomwe adalemba.

Mnyamata wamtali uja, pofuna kuyesa Chingerezi chake, adafunsa mayi wina yemwe ankadya buledi pabenchi ngati akumudziwa munthu wa pachiboliboliyo. Mayiyo adatembenuka, kuwerenga dzina, n'kunena kuti adamumvapo kusukulu kalekale. Mwana adabwera maso ali tong'o. Munthu amene kwathu kuno ali ndi mzinda wotchedwa dzina la mudzi wake, mishoni ya Livingstonia, ndi mafunso pa mayeso, kwawo ndi potera mbalame.

Tidakhala pakapinga kudya zomwe adatilongedzera, maso ali ku linga la Edinburgh Castle lomwe lakhala pamwamba pa chithanthwe cha phiri lamoto lomwe lidazima kalekale. Kulowamo sitidalowe. Matikiti ndi okwera, ndipo tonse tidali titagwidwa matenda aja osintha chilichonse m'makwacha. A Sala a masamu ndiwo adadwala kwambiri: chilichonse chomwe taona mtengo wake, iwo atulutsa kale foni, "Amenewatu ndi matumba angapo a mbatata ya kachewere pa Bembeke." Botolo la madzi adakana kugula, n'kumatunga apampopi, omwenso ndi abwinobwino.

Tili m'kati modya, kudamveka chimkokomo, phuuu! Ana atatu adagwa chafufumimba. Ine ndidapezeka ndagwira atsikana awiri m'mikono osadziwa kuti ndikuthawira nawo kuti. A Sala buledi adamutaya. Titadzutsa mitu, eni mzinda akungoyenda, wina adangoyang'ana wotchi yake. Ndi mzinga womwe amaomba kulinga kuja 1 koloko masana, tsiku lililonse kupatula Lamulungu ndi masiku ochepa a tchalitchi, chiyambire 1861. Kale unkathandiza oyendetsa sitima zapamadzi kudoko la Leith kutchera mawotchi awo. Zonsezi zidalimo m'kabuku komwe ndidawerenga m'ndege, koma ndidaiwala kuchenjeza ana, n'kudziiwalanso ndekha. Anawo amandiseka nazo mpaka pano. Belu la 1 koloko likalira kusukulu, wina amakuwa kumbuyo, "Madamu, bisalani!"

Royal Mile, msewu wamiyala wotsetsereka kuchoka kulinga kukafika kunyumba yachifumu ya Holyroodhouse, tidangoudutsa. Ndi mashopu a zikumbutso okhaokha, ndipo tidalibe zogulira. Chomwe ndikukumbukapo ndi bambo wina wandevu atavala kilt, akuliza chitoliro chachithumba chija. Anyamata adayamba kugwirana m'nthiti, bambo wamkulu siketi! Mtsikana wina, yemwe kwawo kwa amayi ake ndi ku Ntcheu kwa Gomani, adawadzudzula pomwepo: "Agogo anga akamavina ngoma amavala zikopa ndi nthenga. Mumawaseka?" Adasiya. Mmodzi adaponyamo kandalama kachitsulo m'bokosi la bamboyo, a Sala n'kuusa moyo.

Ndiye tidafika pa galu. Pamphambano ina pafupi ndi manda a Greyfriars pali kachiboliboli ka kagalu kotchedwa Bobby, komwe akuti kadalondera manda a mbuye wake zaka 14 mpaka kufa mu 1872. Anthu pamenepo anali piringupiringu, kudikirirana kuti ajambulitse. Mphuno yake idachita kuyera mbuu ngati golide chifukwa chosisitidwa, ngakhale eni mzinda amapempha alendo kuti asamatero. Ana anga adayang'ana gululo, n'kuyang'anana. Sadanene kanthu, koma ndidadziwa kuti onse akuganiza za bambo wa Baibulo tidamusiya ndi mbalame uja. Kenako nawonso adakaima pamzere. Mwana ndi mwana basi.

Malo omwe ndingauze mphunzitsi aliyense wopita ndi achinyamata kuti asawaphonye ndi National Museum of Scotland, pa Chambers Street, kungodumpha msewu kuchoka pagalu paja. Kulowa ndi ulere, muli zimbudzi, mukutentha, ndipo zinthu zambiri amalola kugwira ndi kupukusa. Ndidakonza ola limodzi, tidakhalamo atatu, mpaka ogwira ntchito kutiuza kuti akutseka. Ine ndinkawakokera kuzinthu zakale, iwo adakakamira pa nkhosa.

Nkhosayo ndi Dolly. Idabadwa 1996 ku Roslin Institute, kunja pang'ono kwa mzindawu, idafa 2003, ndipo adaikonza n'kuiika m'bokosi lagalasi. Akatswiri adatenga selo kubere la nkhosa yaikulu, n'kuika zam'kati mwake m'dzira la nkhosa ina lomwe adalichotsa zake, dziralo n'kuliika m'mimba mwa nkhosa yachitatu. Chobadwacho chidafanana ndendende ndi mwini bere uja. Mnyamata wina wamfupi, yemwe amaweta mbuzi za agogo ake akaweruka, adamvetsera zonsezi atakhwinyata nkhope. "Ndiye ilibe bambo?" Ilibe. "Koma inabereka?" Idabereka, ana asanu ndi mmodzi. Adaiyang'ana nthawi yaitali, kuzungulira uku ndi uku, kenako adati, "Komatu ndi nkhosa wamba." Amayembekeza kuti ikhala ndi chizindikiro china chake. Usiku womwewo adapanikiza a Sala ndi mafunso a Biology, iwo n'kumati si phunziro lawo.

Potuluka tidadutsa pa nyumba zakale za yunivesite, ndipo ndidawauza kuti Kamuzu adayenda m'misewu yomweyi, kuti adamalizira maphunziro a udokotala mumzinda uno mu 1941. "Kamuzu wa pa K1,000 yemweyu?" Yemweyo. Apa pokha ndi pomwe sikimu yanga idawagwira mtima, mwina chifukwa adatha kumuyerekeza munthu wakuda mnzawo akunjenjemera ndi mphepo yomweyi, atavala chikhoti.

Madzulo adatigulira nsomba ndi tchipisi. Ana a pa Dedza tchipisi simungawaphunzitse, adakulira pachiwaya, ndipo chigamulo chawo chidali chakuti cha kumeneko n'chonenepa koma chofewa, komanso chopanda kabichi ndi tsabola. Atamaliza, mmodzi adafunsa mwaulemu kuti chakudya chenicheni chibwera nthawi yanji. Kugona nakonso kudavuta. 10 koloko usiku kunja kukadali mbee, ana akukana kulowa m'zofunda, ati thupi silikuvomera.

M'mawa mwake tidakwera Arthur's Seat. Mphunzitsi wa kumeneko yemwe ankatiperekeza adatichenjeza kuti ndi phiri, tivale nsapato zabwino, titenge madzi. Ndi mamita 251. Phiri la Dedza lomwe anawa amaliona akangotsegula chitseko limafika pafupifupi mamita 2,200 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere. Adathamanga ngati akupita kudimba, n'kukatidikira pamwamba akuseka. Koma mphepo yake si yamasewera, imalowa m'makutu, ndipo kuyang'ana pansi kudatikhazika chete tonse: linga, nsanja za matchalitchi, nyanja, milatho patali.

Mnzathu uja adaloza mbali yakale ya mzinda ndi mbali yatsopano, n'kunena monyadira kuti zonse ziwiri zidalowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse mu 1995. Mnyamata wa mbuzi adadumphira: "Ngati Chongoni kwathu! 2006!" Adaloweza bwino, ndidamva kukoma. Mayiyo adasangalala, n'kufunsa kuti zojambula za pamiyalazo zimaoneka bwanji ukaziyandikira.

Zii.

Mwa ana asanu ndi mmodzi panalibe ndi mmodzi yemwe adapondako. A Sala sadapondeko. Ine ndidapitako kamodzi ndili kukoleji, ndipo zaka zonsezi ndakhala ndikulembetsa pabolodi kuti malo ake ndi 127, zofiira adajambula Akafula, zoyera Achewa, ana n'kumakopera, pomwe panjinga yamoto kuchoka pasukulu pathu sipatha ola. Nkhope yanga idatentha ngakhale kunali mphepo.

Titabwerako ndidakaipereka nkhaniyi kumsonkhano wa makolo. Bambo wina adaimirira n'kunena kuti, "A Madamu, ku Ulaya tidamva, kunali kwaulere. Koma tisonkhe ndalama ya lole kuti ana akaone mwala?" Anthu adaseka, inenso ndidaseka. Komabe adasonkha, pang'onopang'ono, ena ndi mbatata.

Tidapita ku Chentcherere Loweruka lina mu Ogasiti, Fomu 3 yonse, kuimirira m'lole. Pathanthwe paja pali zinyama zoyera zotambalala miyendo, ndipo pambali pake pali maina a anthu amakono olembedwa ndi makala, zomwe zidandipsetsa mtima. Bambo wachikulire yemwe adatilondolera adafotokoza zina, koma atafunsidwa tanthauzo la chojambula china adangomwetulira: "Zimenezo, ana inu, sitinena pagulu. Wopita kudambwe kapena kutsimba akudziwa." Anyamata ena adayang'ana pansi, atsikana ena adabisa nkhope m'zitenje.

Mtsikana wa ku Bembeke uja adatulutsa kope lomwe lija. Adafunsa bamboyo ngati maina a ojambulawo akudziwika. Iwo adati ayi, ndi makolo basi. Adalembanso kanthu.

Nthawi yonseyi wamtali uja sankaoneka. Tidamupeza pamwamba pa mwala wina, dzanja lili m'mwamba ndi foni ya a Sala, akusaka netiweki kuti atumize chithunzi pa WhatsApp kwa mphunzitsi wa ku Scotland uja. Ndidamukuwira kuti atsike asanathyoke mwendo.

"Dikirani kaye, Madamu," adatero. "Chikuzungulira."