Minga ya ku Mexico ndi Udindo wa ku Tchalitchi

Adona amene ndinkawasamalira gadeni ku Randburg posamukira ku Cape Town anagawa katundu. Wina analandira filiji, wina makatani. Ine anandininkha kamtengo kaminga m'kamphika, kosaposa chikhatho kutalika. Ati dzina lake kakitasi, kwawo ndi m'chipululu ku Mexico. Masamba kalibe, kangokhala ndi timakutu tobiriwira tophwatalala, pamwamba pake timadontho tachikasu tooneka tofewa ngati thonje.

Malangizo anali achidule: dzuwa lambiri, dothi losakaniza ndi mchenga, mphika wobowoka pansi, madzi pokhapokha dothi litauma gwa. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti osathirira n'komwe, poti madzi kamasunga m'thupi mwake, ukachulutsa mizu imawola.

Mayi a kunyumba, mwana wa ku Thyolo komwe ngakhale mitengo ya mpanda imaphuka, zimenezi sanazimve. "Abambo, chomera chanji chosamwa? Chikafa anthu azitiseka, ati mwamuna wake ngwa m'gadeni." Madzi otsukira mpunga anayamba kuthera m'kamphikamo, ine n'kumakabisa pakhonde la kachipinda kathu ku Rosettenville kuti kaume.

Ndiye kunabwera Disembala. Mvula ya ku Joni sipempha odi: madzulo kumangoti bii, mabingu, kenako matalala oboola masamba a chimanga. Loweruka lina itayamba, ndinathamanga kukapulumutsa kakitasi, n'kukaika pampando wathu wapulasitiki, umodzi womwewo. Ndinapita kukasamba. Ndili kubafa magetsi anazima, monga mwa ndondomeko yawo ija. Ndinabwera ndikupapasa mumdima, kabudula wopyapyala yekha m'thupi, n'kudziponya pampando ndi mtima wonse wa munthu wotopa.

Mfuu wake agalu a landilodi anauyankha.

"Njoka?" anatero mayi.

"Ayi, kamlendo kaja!"

Timadontho tija, abale, si tofewa ayi. Kalikonse ndi mulu wa timinga tochepa kuposa tsitsi, tokhala ndi timano toyang'ana kumbuyo, ndipo timathothoka ukangokhudza. Kulowa timalowa mosavuta, kutuluka ndiye milandu. Mayi anayatsa tochi ya foni, natenga kachitsulo kozulira nsidze, koma kuwala kunkangovina chifukwa mwini wake phwete anali atamugwira. Kakitasi anakayang'ana kaye asanandiyang'ane ine, nandiuza kuti kathyoka khutu limodzi lokha.

Phokosolo linadzutsa mnzathu wa chipinda choyandikana, wa ku Mangochi, amene amagwira ntchito ku nazale. Anaima pakhomo, nkhope atayang'ana kudenga mwaulemu.

"Achimwene, musatikite, mungozikankhira m'kati. Alamu, pakani guluu wa matabwa, muyalepo bandeji, akauma mumatule."

Ataunika kamtengoko anapukusa mutu. Mtundu umenewu, anatero, kunazale sagulitsa, uli pa mndandanda wa boma wa zomera zobwera zosafunika m'dziko muno, chifukwa khutu lililonse logwa pansi limamera. "Mwasunga mlendo wopanda mapepala, achimwene. Wina akabisa mnzake ndani?"

Choncho ndinagona chafufumimba, guluu kumbuyo, kudikira kuti aume usiku wa chinyezi, mayi akukupiza ndi chivundikiro cha poto. Pomatula minga yambiri inachokadi, pamodzi ndi ubweya umene sunalakwire munthu. Yotsalayo inasankha kukhala.

M'mawa Lamulungu za tekisi sindinaziganize n'komwe. Ndinayenda wapansi mpaka kutchalitchi, mwendo uku mwendo uko, n'kukaima kumbuyo kwenikweni pafupi ndi chitseko. Nyimbo, chopereka, zolengeza za ulendo wa maliro wopita kumudzi, ulaliki, ine chiimire. Wina anandisendezera mpando, ndinakana mofatsa.

Chakumapeto abusa anandiloza. "Mpingo, tacheukani. Abambo awo chiyambire mapemphero sanakhale pansi. Changu chimene ndimanena chija ndi chimenecho!" Anthu anati amen. Mayi anakwirira nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka, moti amayi awiri anawagwira kumsana n'kumawatonthoza, poganiza kuti uthenga wawalasa.

Potuluka akulu ampingo anandiitanira pambali, nandipatsa udindo wolandira anthu pakhomo sabata ndi sabata. Minga inatha mwezi womwewo. Udindo ndikadali nawo, ndipo pakhomopo saikapo mpando.